Fodya wa m'mphuno wa ankhazi

Fungo la fodya wouma silinandichoke mpaka lero. Ndikangolimva, ngakhale pa lole yodutsa mumsewu, ndimapezeka ndili ku Hewe, m'chigafa cha bambo anga, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Inali nyengo yosankha fodya, mvula itangosiya, mphepo yozizira itayamba kutsika kumapiri. Banja lonse tinkakhala pa ziguduli kuyambira m'mawa, kupatula masamba ofiira paokha, owala paokha, ong'ambika paokha. Kafumbi kake kankalowa paliponse, m'tsitsi, m'makutu, ngakhale m'tiyi. Aliyense ankayetsemula ndipo palibe ankalabadira.

Koma kwa amayi kuyetsemula sikunali kwamasewera. Akangoyetsemula ankagwira kunkhongo ndi manja onse awiri, n'kutsinzina, n'kuuma pomwepo. Pakapita kanthawi ankatsegula maso n'kupitiriza ntchito. Zinkachitikanso akatsokomola, akawerama kuti asenze ndowa, ngakhale akaseka. Ine ndinali mtsikana wanthabwala, wodziwa kutsanzira mayendedwe a aphunzitsi onse a kusukulu kwathu, koma ndikayamba zimenezo amayi ankangoluma mlomo n'kuyang'ana kumbali. Zinkandipweteka, ndinkaganiza kuti sindiwasangalatsa.

Amayi anali a ku Dowa. Anakwatiwa kwathu ng'ombe zitaperekedwa, ndipo pamudzi ankawaitana kuti NyaPhiri. Wolamula pakhomo pathu sanali bambo, munthu wofatsa wothawa mikangano, koma mlongo wawo wamkulu, amene ife ana tinkawatchula kuti ankhazi. Sanali oipa mtima ayi. Anali olimba pantchito, ndipo ankayesa kuti thupi la aliyense lili ngati lawo. Mutu wobwera nthawi ya ntchito n'kuchoka pakamphindi iwo sankaumvetsa. Kuchipatala chapafupi anali atawayeza amayi malungo osawapeza, n'kungowapatsa panado. Choncho amayi atayamba kumanga kansalu pamphuno ndi kuzemba m'chigafa, mawu oti ulesi anayamba kumveka.

Tsiku lina ndikutsuka mbale kuseri kwa khitchini, ndinamva ankhazi akuuza bambo kuti fodya akangodindidwa, mlamu wawo, amayi anga, apite kwawo ku Dowa akapume. Ndinali wamng'ono koma kupuma kumeneko ndinkakudziwa. Mayi wina wa pamudzi pathu anapita kukapuma motero osabwereranso, ndipo ana ake anatsala, chifukwa kwathu ng'ombe zikaperekedwa ana ndi a kuchimuna.

Loweruka lotsatira ankhazi analowa m'chigafa ndi kabotolo ka fodya wa m'mphuno amene anapera okha. Akuluakulu kwathu ankati mutu wowawa umatuluka ndi kuyetsemula, ndipo ankhazi ankadzichiritsa motero nthawi zonse. Anawathirira amayi pachikhatho aliyense akuona.

"Mulamu, kokani uyu, ngwamphamvu chomene," anatero. "Mukakana ndiye kuti kuchira simukufuna."

Amayi anayang'ana fodyayo nthawi yaitali. Ine ndinaona ngati mankhwala owasunga pakhomo afika, ndipo ndinawakoka chitenje.

"Amama, kokani chonde. Muchire, musapite."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana mng'ono wanga amene ankakwawa pakhomo la chigafa. "Yewo, alamu," anathokoza chapansipansi, n'kukoka.

Anayetsemula koyamba, n'kugwira kunkhongo. Asanapume anayetsemulanso, ndiponso, mpaka anagwa cham'mbali pa masamba amene tinasankha kuyambira m'mawa. Nkhope inatuwa, thukuta lili kamukamu, ndipo ankabuula mawu amene ndinali ndisanawamvepo kwa munthu wamkulu. Atayesa kudzuka, dzanja linakana kuwachirikiza. Ankhazi anataya kabotolo kaja, n'kugwada, n'kuika mutu wa amayi pamiyendo pawo. Anavula mpango wawo n'kumawapukuta kumaso, ndipo ndinaona misozi yawo ikugwera pa tsitsi la amayi.

Amayi anagona masiku awiri. Atadzuka, ankhazi omwewo ndi amene anawaletsa kulowanso m'chigafa. Anawapatsa ntchito zokhala pansi pabwalo, kutongola chimanga ndi kusankha nyemba, ndipo madzi tinkatunga ndife ana. Wina akayerekeza kunena za ulesi, ankhazi ankamuzazira mpaka anong'oneze bondo. Fodya anadindidwa, mabelo anakwera lole, ndipo nkhani ya ku Dowa sinamvekenso.

Ine ndinatsala ndi mlandu mumtima. Ndinkakhulupirira kuti ndine ndinawagwetsa, kuti ndikanapanda kuwakoka chitenje sakanakoka fodya uja. Nthabwala ndinazisiyira kusukulu. Ndikamva amayi akutsokomola ndinkatuluka panja, poopa kuwaona.

Patapita zaka zambiri, nditayamba ntchito, ndinawatengera ku chipatala chachikulu mumzinda, kumene anawajambula mutu ndi makina. Dokotala anationetsa chithunzicho n'kufotokoza kuti kachigawo ka m'munsi ka ubongo wawo kanatsikira m'bowo la pamene chigaza chimakumana ndi khosi, ndipo anabadwa choncho. Akayetsemula, akatsokomola, akaseka kapena akanyamula cholemera, malo opanikizikawo amapanikizika koposa, mutu n'kuwaza. Zonse zimene ankatchula ndinali nditaziona kale m'chigafa muja, ndinkangosowa dzina lake.

Pobwerera, tili m'basi, ndinawapepesa za tsiku lija. Anandiyang'ana modabwa.

"Unkayesa sindinkadziwa chomwe fodya uja andichite?" anatero. "Ndinkadziwa bwinobwino, mwananga. Koma zonena zanga ankhazi ako sankazimva, anafunika aone ndi maso. Ndikanakana, ndikanakwera galimoto ya ku Dowa ndekha." Kenako anawonjezera kuti, "Ndipo zotsanzira aphunzitsi zija zinkandiseketsa kwambiri. Ndinkangoopa mutu."

Zaka zonsezo ine ndinkalikumbukira ngati tsiku limene ndinavulaza amayi anga. Iwo ankalikumbukira ngati tsiku limene anatsala ndi ana awo.