Timadontho Tofiira ta Tadala

Ndinamunamiza mdzukulu wanga Tadala, ndipo zimandilasabe mumtima. Anabwera kuno ku Kapelula ndi kompyuta, akuti iye ndi anzake ayambitsa kakampani kosandutsa mndandanda wa maina kukhala chithunzi. Anandionetsa mudzi wathu. Timadontho tobiriwira tinali mabanja olandira makuponi a feteleza, tofiira osalandira.

Amvekere, "Agogo, inu osapita kusukulu mukamvetsa, ndiye kuti mabwana a m'tauni agula ntchito yathuyi."

Ndinamvetsa pomwepo. Kofiira kapambali pa chigafa kaja ndinali ine. Koma ndinkafuna agoneko masiku awiri akundifotokozera, poti pakhomo pano ndimacheza ndi nkhuku basi.

Ndiye ndinati, "Ayi mwanawe, ine ndikungoona chikuku."

Anatseka kompyuta ija pang'onopang'ono. "Ndiye kuti talephera. Ndipite tikayambirenso."

Anakwera minibasi masana omwewo. Mphasa imene ndinamuyalira ija sindinaipinde mpaka lero.