Mthunzi Umene Ndinasiya ku Chipoka

Ndinaganiza zochoka ku Chipoka chaka chomwe tinavotera zipani zambiri. Ufulu unabwera ndithu, koma ganyu yonyamula katundu padoko inatha ngati yaitanidwa kwina. Ndinamuuza mkazi wanga Nabanda tili pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pathu, pomwe amuna a dera lonse ankasonkhana kusewera bawo. Mtengo umenewo, ndikulumbira, unali ndi mthunzi wozizira moti ukagonapo masana unkadzuka ndi chimfine. Ku Chipoka kumeneku, komwe mu Okutobala nkhuku zimaikira mazira owiritsa kale. Wokayika akafunse nkhukuzo.

"Pitani," anatero Nabanda. "Koma mukabwere ndi nyumba ya njerwa, osati chipewa chokha ngati amalume anu."

Ku Joni ndinapeza ntchito yodabwitsa. Kampani ina inkaswa simenti m'mbali mwa misewu, kukumba ngalande ndi kudzala mitengo. Kapitawo anati mzinda watentha kwambiri, ndipo mvula ikagwa madzi amasowa kolowera, amangothamanga mumsewu ngati mbava. Choncho anthu omwe analipira kuti simenti iikidwe ankatilipiranso kuti tiichotse. Sindinafunse zambiri. Ndinagwira piki.

Piki sinandivute. Chinandivuta n'kusowa woyankhula naye. Anzanga a pantchito anali ndi zilankhulo zawo, ine mapepala ndinalibe, ndiye ndinkatseka pakamwa kuopa kudziwika. Ndinakhala chete nthawi yaitali moti tsiku lina nditayasamula m'kamwa munatuluka kangaude. Anali ndi ana.

Mpamene ndinayamba kutcha mitengo mayina a anzanga a pabawo. Wina wopindika unali Che Saidi, msodzi wobera pamasewera. Wautali wa masamba ochepa unali aphunzitsi a Gondwe. M'mawa pothirira ndinkawapatsa moni mmodzimmodzi. "Mwadzuka bwanji, Che Saidi?" Sankayankha, komabe sankabera. Kapitawo ankayesa ndikupemphera, ndipo poona kuti mitengo yanga siikufa, anandisiyira msewu wonse ndekha. Ndekhandekha, ine ndi paipi.

Ndalama ndinkapatsira dalaivala wina wa thiraki, iye n'kubwera ndi uthenga wapakamwa. Unali umodzi nthawi zonse: njerwa zikuyenda. Ndikafunsa za bawo ankati sanayang'ane. Ine ndinkangosunga nkhani m'mimba, n'kumadziuza kuti tsiku lina ndidzakhala pansi pa mango uja, ndidzakambe mpaka nsagwada zidzapemphe tchuthi.

Tsiku lobwerera ndinaipitirira nyumba yanga osaizindikira. Inalipo, yofiira, yamalata owala. Koma kutsogolo kwake kunali chitsa, ndipo njira inali itasanduka chigwembe chokumbidwa ndi mvula, chakuya moti mbuzi ya aneba inagweramo ndipo mpaka lero sinafike pansi.

"Mango uja ali kuti?" ndinafunsa, chikwama chidakali paphewa.

"Ali m'khomamu, bambo," anatero Nabanda akumenya khoma ndi chikhatho. "Mumayesa njerwa amawotcha ndi malovu? Nkhuni zinasowa. Aliyense anagwetsa wake, ati ndi demokalase."

"Nanga a bawo?"

"Akhale padzuwa? Che Saidi ali ku Senga Bay, akuyendetsa alendo pa boti. Aphunzitsi anawasamutsa. Enawo amakhala m'nyumba zawo kumvera wailesi."

Ndinakhala pachitsapo mpaka mutu unayamba kununkha ngati chimanga chootcha. Palibe anadutsa. Ku Joni anthu osandidziwa anali kuyenda mumthunzi wa Che Saidi ndi a Gondwe, pomwe ine ndi ndalama za mthunziwo ndinagwetsa wanga womwe. Nkhani zonse ndinasunga zija zinalibe wozimva.

Mvula yoyamba itagwa ndinayala miyala ndi kudzala udzu m'chigwembe kuti madzi azipuma, monga tinkachitira kuja. Pafupi ndi chitsa ndinadzala kamango, n'kukatchinga ndi minga chifukwa cha mbuzi zotsala. M'mawa wina Nabanda anandipeza nditawerama ndi chitini cha madzi.

"Mukuyankhula ndi ndani?"

"Ndi mlendo."

"Wayankha?"

"Akadali mwana."

 Nabanda analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi thabwa la bawo lodzaza fumbi. Analipukuta ndi chitenje, n'kuliika pansi pa kamtengo kofika m'bondo kaja.

"Mthunzi wake ukukwana dzenje limodzi," anatero akukhala pansi. "Mundiphunzitse msanga, dzuwa lisanatiphike."

Amabera kuposa Che Saidi. Ichi ndiye ndikulumbira kawiri.