Kalata Imene Inagona Kuseri kwa Wotchi

Tsiku limene Leighton Borrill anamva kuti malo ake apatsidwa kwa mnyamata wina, analowa m'nyumba osavula ngakhale jekete. Anapita pa shelefu n'kukankha wotchi, maenvulopu abulauni amene anali kuseri kwake n'kugwera pansi, oposa makumi awiri, onse osatsegula. Ine ndinali pomwepo, ndikumwa tiyi ndi bambo ake, Vince, amene ndinali nditakhala naye moyandikana kuno ku Grimsby, tauni yathu ya asodzi, zaka makumi atatu.

Mnyamatayo anang'amba imodziimodzi mpaka anapeza kalata imene ankaifuna. Inali yochokera ku bungwe lina lothandiza achinyamata, limene boma linalipatsa ndalama zophunzitsira anyamata khumi ndi awiri ntchito yokonza makina opanga magetsi ndi mphepo, aja ozikidwa pakati pa nyanja. Leighton anali atasankhidwa. Ankangofunika kuyankha pasanathe masabata awiri. Panali patadutsa miyezi iwiri.

"Ababa, munaiona iyi?"

"Ndinaiona. Ndi yabulauni."

"Ndiye osatsegula?"

"Iwe, chibadwire chako, unaonapo envulopu yabulauni itabweretsa zabwino m'nyumba muno?"

Leighton anakhala pansi, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wamtali ngati chitseko, n'kulira monga analirira pa maliro a mayi ake.

Musafulumire kumuweruza Vince. Kwathu kuno envulopu yoyera ndi ya m'bale, yabulauni ndi ya boma, ndipo boma silikulembera kuti likupatse moni. Limalemba pofuna kukudula chithandizo, kukuitanira kukhoti, kapena kufunsa ngati ukutha kulera mwana. Mkazi wa Vince atamwalira, a boma anabwera kawiri, kutsegula firiji, kulemba m'kabuku. Chiyambire pamenepo Vince ankachita mantha akamva wa positi pakhomo. Ndipo amene anamuphunzitsa zoika makalata kuseri kwa wotchi ndine. Ndinkati, "Chimene sunawerenge sichingakumange." Ine sukulu ndinaisiyira panjira n'kukwera sitima zophera nsomba. Sitimazo zitatha, a boma anatilonjeza zambiri, tinadikira mpaka anzanga ambiri analowa m'manda. Sindinkaona cholakwika ndi malangizo angawo.

Chaka chimenecho pa TV ankanena za ife. Akuti anyamata achizungu a m'mabanja osauka atsalira kwambiri pa maphunziro. Ankalankhula ngati atulukira chachilendo, pamene ife tinali pompano nthawi yonseyi, tikuviika kathumba kamodzi ka tiyi m'makapu awiri.

Mawa lake Leighton anapita ku ofesi ya bungwelo, kachipinda ka pamwamba pa shopu ya kaunjika. Anapezako mayi Oakes, amene anapuma ntchito yauphunzitsi.

"Malo adzadza, mwana wanga," anatero mayiwo. "Mwina chaka chamawa. Koma lamulo lasintha. Tsopano akufuna wokhoza masamu, komanso wosakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi."

Masamu Leighton anali atalephera kusukulu. Zaka nazo zinangomusiyira mpata umodzi, wa chaka chamawacho basi.

"Ndiye masamuwo ndikaphunzira kuti, mayi?"

"Lachiwiri ndi Lachinayi, mu holo ya tchalitchi. Sabata yoyamba amadzadza. Ikamafika yachitatu ndimaphunzitsa mipando."

"Ine mudzandipeza."

Anapeza ganyu ku fakitale yodula nsomba. Ankalowa 6 koloko m'mawa, tsiku lonse manja ali m'madzi oundana, kenako n'kukwera basi kupita ku holo, zala zitauma moti pensulo inkamupulumuka. Anzake kuntchito sanamusiye.

"Profesa wafika! Profesa, tatiwerengereni mitu ya nsombayi, ife masamu atikanika!"

"Iwe Leighton, magetsi a mphepo? Mphepo yokhayo imene udzaigwire ndi ya m'mimba mwako!"

Iye ankaseka nawo, n'kupitiriza kudula.

Mu Novembala analemba mayeso. Analephera, anaperewera malikisi atatu. Anandipeza pakhomo panga ndikukonza geti.

"Madala, mwina mutu wangawu ndi wa nsomba basi."

Ine ndi mtima wanga wowawawu ndinati, "Zisiye mwana iwe. Zinthu izi sanakonzere anthu ngati ife. Amangofuna mayina anu kuti adyerepo."

Iye anati, "Malangizo anu ndinawalawa kale, madala."

Mawu amenewo amandipwetekabe mpaka lero, chifukwa ananena zoona.

Khirisimasi itadutsa, ndalama za bungwe zinadulidwa, holo anaitseka. Mayi Oakes anayamba kuphunzitsira pa tebulo la pakona m'laibulale, osalandira kanthu. Pa anyamata khumi ndi asanu amene anayamba kuphunzira masamuwo, anatsala awiri.

Vince sanapepese ndi pakamwa. Amuna akuno satero. Chifuwa chake chinali chitafika poipa, ankapumira paipi ya kuchipatala. Komabe Leighton akaweruka, Vince ankadzikoka kufika pa tebulo n'kutenga pepala la mayankho, ngakhale masamuwo sankawamva n'komwe.

"Wapeza zingati?"

"Makumi anayi ndi ziwiri."

"Apa alemba zomwezo. Wakhoza. Ina."

Akalakwa ankati, "Mbuzi iwe, bwereza," kenako n'kutsokomola mpaka misozi.

Tsiku la mayeso omaliza, mu Juni, Vince anasita malaya a mwana wake ataima ndi dzanja limodzi pa khoma. Leighton anati, "Ababa, ndi mayeso, si ukwati." Vince anati, "Vala, usandinyozetse."

Vince anamwalira mu Julayi. Tinamuika tsiku la mvula, anthu osakwana makumi awiri.

Zotsatira zinatuluka mu Ogasiti. Ndinamva kugogoda masana, n'kupeza Leighton ataima pakhomo, pepala lili m'manja.

"Madala, ndakhoza. Pamzere penipeni, koma ndakhoza. Malo andipatsa." Anandipatsa pepalalo. "Ndilibe womuuza, ndiye ndati ndikuuzeni inu."

Ndinamulowetsa m'khitchini, n'kumuphikira tiyi.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Leighton tsopano amakwera boti kupita kumakina aja, amakwera pamwamba pomwe mbalame zokha zimafika. Ali ndi nyumba yake, mkazi ndi kamwana kakakazi. Bungwe lija linatsekedwa patangotha zaka ziwiri, kachipinda kaja pano amasungiramo makatoni. Akuluakulu a pa TV anapeza nkhani ina yokamba. Mnzake amene anatsala naye m'laibulale sanakhoze, ndimamuona pa siteji ya basi, sindidziwa kumene amapita.

Inu amene mukufuna mawu olimbikitsa, ine sindikunamizani kuti dziko ndi labwino. Thandizo limabwera lochepa, mochedwa, ndipo amene analibweretsa sachedwa kulichotsa. Ine boma sindilikhulupirira ndipo ndidzafa ndisakulikhulupirira. Koma ine ndinakhala pansi zaka makumi anayi ndikutukwana, ndipo palibe chimene kutukwanako kunandipatsa. Mwana uja anapwetekedwa kuposa ine, koma mawa lake anadzuka n'kukagogoda.

Ngati pali kakhomo katseguka pang'ono, ngakhale mukukayika amene wakatsegula, ponyanimo phazi. Mukalephera bwererani. Ndipo mukakumana ndi nkhalamba ngati ine, yokuuzani kuti sizinakonzedwere anthu ngati inu, ipatseni moni mwaulemu, n'kupitiriza ulendo wanu. Ife mtima tinautaya kalekale. Wanuwo musautaye.