Tsitsi Limene Ndinameta ku Halale

Chitupa changa cha ku Halale ndikali nacho m'bokosi, pamodzi ndi mapepala anga onse. Ndinapita kumeneko kuchokera kwathu ku Msumba m'masiku a kampani ya azungu imene inkalamulira dziko lathu, pamene asipayi, apolisi a kampaniyo, ankagwira amuna m'midzi ya kunyanja kuti akagwire ntchito yokakamiza. Ndinapeza ntchito yosita zovala kwa mzungu, ndipo ndinazolowera msanga madzi a pampopi, nsapato ndi buledi. Maliro akamadutsa mumsewu ndinkangopitiriza kusita, chonsecho kwathu tsiku lotere palibe amene amakankhira bwato m'madzi.

Tsiku lina mnzanga wa ku Kobwe, kufupi ndi kwathu, anandipeza pampanda. "Achimwene, tsitsi lonseli? Kodi simunamve? Amayi anu anaikidwa mvula isanayambe."

Apo n'kuti chimanga chitacha. Abale anga anali atameta kalekale, tsitsi lawo litameranso, ine ndikudzola langa mafuta onunkhira.

Ndinabwereka lumo n'kudzimeta ndekha kuseri kwa khitchini, popanda wondigwira mutu, mpaka ndinadzicheka. Adona, mkazi wa bwana wanga, atandiona anaseka nati ndagwidwa nsabwe, nalamula kuti ndiwiritse bulangeti langa. Nsabwe! Ine wokulira m'nyanja, wosamba mmawa ndi madzulo! Mpaka lero zimandiwawa.

Koma sindinawauze kuti ndaferedwa, poopa kuchotsedwa ntchito. Ndinawiritsa bulangetilo, ndinaliyanika, ndinabwerera kukasita. Pabwalo ponse panali simenti, panalibe pokwirira tsitsi, choncho ndinalikulunga m'pepala kuti ndidzapite nalo kumanda a amayi. Likali m'bokosi, pansi pa chitupa.