Ndinatsuka miyala ya mbuna za ada Longwe

Ndinapha nsomba khumi ndi zinayi ndi manja angawa, ndipo ndinazipha ndikuimba nyimbo. Inu owerenga, musafulumire kuseka poti ndi nsomba chabe. Inenso ndadya usipa wosawerengeka osagwetsa msozi. Koma izi zinali ndi mwini wake, ndipo mwiniwakeyo anadikira zaka zisanu kuti adzazione ndi maso.

Kwathu ndi ku Ntcheu, komwe nsomba timaidziwa itauma kale. Ndinabwera ku Chintheche kudzagwira ntchito yokonza m'zipinda pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Ntchitoyi ndimaitha, sindibisa. Bafa ndikalitsuka ine mukhoza kudyeramo. Anzanga ankanditcha Namasopo pondiseka, ine n'kumavomera mokweza mapewa.

Polandirira alendo panali thanki yagalasi, kutalika kwake ngati bedi la munthu mmodzi. Munali mbuna, tinsomba tokhala m'miyala ya m'nyanja yathuyi, tina tabuluu, tina tachikasu, tina tamizeremizere. Ankazisamala anali ada Longwe, monga amaitanira abambo kumeneko, mkulu wa ku Bandawe, yemwe pa unyamata wake ankamira pansi pa nyanja kukagwira mbuna zamoyo. Makolo a nsomba za m'thankimo anawagwira okha pa ulendo wawo womaliza, maso asanachite ng'ala. Pomwe ndinkawadziwa ine ankangoona chifunga. Madzi ankawayesa ndi chala ndi mphuno, ndipo m'mawa uliwonse ankandiimitsa ndi mopu wanga kuti ndikhale maso awo.

"Yabuluu yaikulu ili pati lero, ama?"

Ndinkawauza kuti ili pakhomo pa phanga lake, ikuthamangitsa anzake. Iwo ankaseka, amvekere ndiye kuti ili bwino, tsiku lomwe idzasiye ndewu ndidzawauze msanga.

Nthawi imeneyo ndinkaikonda kuposa ina iliyonse. Cha m'ma teni koloko dzuwa linkalowa pazenera, n'kudutsa m'madzi, n'kukagwedezeka kudenga. Chipinda chonse chinkakhala ngati chamira. Ine wosadziwa kusambira ndinkaima pamenepo n'kumadziona ndili pansi pa nyanja, ndikuyandama pakati pa miyala, wopanda mopu, wopanda mapazi otopa. Ada Longwe ankakhala akulankhula pambali panga. Ankati nsomba ilibe mawu, ikavutika imanena ndi mtundu wake, zipsepse zake ndi malo omwe yaima. Mawuwo ankandikomera m'khutu ngati wailesi yoimbira kutali. Ndinkamva kukoma kwake, nzeru yake osaitola.

Kenaka mwayi unapezeka woti akachotsedwe ng'ala kuchipatala ku Mzuzu. Sabata yomweyo ndinawauza kuti kansomba kena kachikasu kasiya kudya ndipo kukhosi kwatupa. Ine ndinkati kadwala, koma iwo anaomba m'manja. Anati kafungatira mazira m'kamwa, umo ndi momwe mbuna zimalerera, ndipo pakatha masabata atatu kadzalavula ana amoyo. Anawerenga masiku pa zala n'kupeza kuti adzabwera pa nthawi yake. Anandiuza kuti chinthu choyamba chomwe akufuna kudzachiyang'anitsitsa ndi maso atsopano si nyanja kapena msewu, koma zidzukulu za nsomba zawo.

Malangizo anandisiyira ochepa. Chakudya pang'ono kamodzi pa tsiku. Loweruka lililonse ndichotsemo ndowa imodzi ya madzi, ndithiremo ndowa imodzi ya m'nyanja. Miyala ndisaikhudze.

Masabata awiri ndinamvera. Koma miyala ija inkandisowetsa mtendere. Inali yobiriwira ndi ndere, yoterera, ndipo siponji ya m'kachipangizo kosefera madzi inali yakuda bii. Kwa munthu ngati ine chimenecho ndi uve basi. Ndinkadzifunsa kuti munthu akhale zaka zisanu mumdima, tsiku loyamba kuona adzaone litsiro? Ndinkati mkuluyo amaletsa chifukwa saona momwe zanyansira. Sindinafunse munthu. Paja safunsa anadya phula.

Lachinayi m'mawa, kutatsala masiku atatu kuti abwere, ndinavuula nsomba zonse n'kuziika m'beseni lochapira. Miyala ndinaikwecha ndi burashi ndi sopo waufa mpaka inayera mbee. Siponji ndinaichapa ngati thewera. Galasi ndinalipukuta mkati ndi kunja. Poti kunyanja kunali kotsetsereka ndipo ndowa zikanachuluka, ndinadzaza thanki ndi madzi a pampopi, omwe timathiramo mankhwala kuti alendo asatsekule m'mimba. Miyala ija ndinaindandalika bwinobwino pamzere, yaikulu kumbuyo, yaing'ono kutsogolo, kenaka n'kubwezeramo nsomba zija. Ntchito yonseyi ndinkaigwira ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Masana ake thanki inkawala ngati mulibe madzi. Nsomba zonse zinakwera pamwamba, milomo ili yasa, tseke, yasa, tseke. Inu owerenga, ndikuuzeni zoona, ndinkaona ngati zikuimba nane. Zina zinkatsika mwaliwiro n'kukadzikhula nthiti pamwala, ine n'kumati zikuvina. Yabuluu yaikulu ija inatuwa ngati phulusa, inapinda zipsepse n'kukaima pakona, osathamangitsanso aliyense. Ndinati kuwala kwachuluka, n'chifukwa chake mtundu ukuoneka wofuwa. Za tsiku losiya ndewu zija sizinandibwerere m'mutu n'komwe.

Kenaka kachikasu kaja kanatsekula pakamwa. Munatuluka tinthu tating'ono ngati mawere, tili ndi timaso ndi timichira, n'kumatsika pang'onopang'ono m'kuwala kwa dzuwa mpaka kukagona pamchenga. Ndinaima ndi mopu wanga, mtima uli myaa, ndikuti sindinaonepo chokongola chotere. Sindinadziwe kuti ndikuonerera mayi akutaya ana ake nthawi isanakwane chifukwa cha mantha.

Anandidzutsa kumalotoko ndi mayi Nyirenda a kukhitchini, mwana wa msodzi, omwe ankadutsa ndi thireyi ya makapu. Anangoyang'ana kamodzi.

"Somba izi zikufwa, asisi. Zimapuma choncho zikakhala mu ukonde pamtunda."

Ndinawayankha mwamwano kuti iwo amadziwa nsomba za m'poto. Anagwedeza mutu n'kupita.

Lachisanu m'mawa ndinapeza zisanu zitayandama chagada. Apo ndiye ndinathamanga kunyanja ndi ndowa, kutunga, kuthira, kutunganso, mayi Nyirenda omwe ndinawanyoza aja akundithandiza. Koma sopo anali atalowa kale m'timaenje ta miyala. Yabuluu ija ndiyo inamaliza, Loweruka masana. Ndinaganizako zopita ku Kande kukapempha asodzi andigwirire zina, poti mkuluyo sanazionepo. Mayi Nyirenda anati munthu amene amadziwa madzi ndi mphuno sungamunamize ndi nsomba zachilendo, ndipo kupha n'kokwanira, ndisaonjezepo bodza.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ada Longwe anatsika minibasi kumsewu n'kuyenda okha opanda ndodo, atavala magalasi akuda. Ankaima paliponse, kuyang'ana masamba a chinangwa, kuyang'ana zikwangwani. Atandiona anandizindikira ndi mawu, n'kuseka kuti ankandiyesa wamtali. Anandidutsa n'kulunjika pathanki, anavula magalasi aja, n'kuwerama.

Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenaka anaviika chala m'madzi n'kununkhiza. Ndinagwada pansi n'kuwauza zonse, kuyambira burashi mpaka timawere tija. Sanakalipe. Anangofunsa ngati zinayamba ndi kukwera pamwamba. Ndinavomera. Anafunsa ngati yabuluu inasiya ndewu. Ndinavomeranso.

"Ndiye zinakuuzani, ama. Zinakuuzani zonse."

Anayang'ananso galasi lija, lopanda ndi kadontho komwe, ndipo anati, "Mwatsuka bwino. Ndikudziona ndekha. Kani ndakalamba chonchi."

Ndikanakonda akanandimenya. Manyazi a tsiku limenelo sanandichoke mpaka lero.

Pambuyo pake anandifotokozera bwino, ndipo ulendo uno ndinamva. Ndere zomwe ndinkati uve ndiwo munda wa mbuna, zimadya pomwepo. Ukuda wa musiponji muja mumakhala tizilombo tosaoneka tomwe timayeretsa madzi. Mwala uliwonse unali nyumba ya nsomba ina yake, ndiye posuntha miyala ndinagwetsa mudzi wonse. Mankhwala a m'madzi a pampopi ndi sopo zimaotcha makha, momwe nsomba imapumira, n'chifukwa chake zinkathawira pamwamba.

Tsono inu owerenga, makamaka anzanga a m'maloji ndi m'mahotela omwe mwasiyiridwa thanki ya nsomba, ndikupemphani. Nsomba ikamayasamula pamwamba pa madzi sikukupatsani moni. Ikamadzikhula pamwala, ikafuwa mtundu, ikapinda zipsepse, ikabisala pakona kapena kusiya khalidwe lake la masiku onse, dziwani kuti yapanikizika, ndipo funsani odziwa tsiku lomwelo. Sopo asayandikire thanki. Madzi musinthe pang'onopang'ono. Ndipo mwini chinthu akakuletsani kanthu, musamuyese wosaona chifukwa choti inu muli ndi maso. Ine ndinali nawo awiri abwinobwino, ndipo ndinaonerera imfa tsiku lathunthu ndikumwetulira.

M'thankimo tsopano muli mbuna zina zomwe abwana a palojipo anaitanitsa. Miyala yabiriwiranso, ndipo dzanja langa likamayabwa ndimalipinda kumbuyo. Ada Longwe adokotala anawaletsa kumira, choncho mtundu wawo uja unathera m'beseni langa. Amabwerabe m'mawa uliwonse, amaziona okha nsombazo, safunanso maso anga. Koma nthawi zina dzuwa likafika kudenga amandiimitsa ndi mopu wanga, osandiyang'ana, n'kufunsa motsitsa mawu.

"Yabuluu ija, ama, buluu wake anali wotani?"

Ndimayesa kuwafotokozera. Ndimaloza nyanja, ndimaloza chitenje changa, ndimaloza nsomba zatsopanozo. Palibe chomwe chimafanana nayo, ndipo amene anaiona bwino ndine ndekha.