Tsiku limene amayi anayamika mphemvu

Ndikamva fungo la sutikesi yakale, ndimaona bokosi lathabwa la malemu bambo likukokedwa pansi pa bedi kwathu ku Kabwata. Mvula yoyamba inali itagwa, inswa zitauluka, mapiko ali mbwee pakhonde. Chaka chimenecho khonsolo inkagulitsa nyumba kwa okhalamo, koma unkayenera kuonetsa khadi la nyumba lokhala ndi dzina la mwini. Lathu linali m'bokosimo, ndipo chimwalirire bambo palibe analitsegula. Popanda khadilo, ife tinali alendo m'nyumba yomwe ndinabadwiramo.

Amayi ankadana ndi mphemvu koopsa. Ankagula choko chophera tizilombo ku Kamwala n'kulemba mizere kukhitchini konse ngati m'kalasi, ndipo ntchito yanga inali kuzithamangitsa ndi patapata. Chiswe sitinkachiganizira n'komwe, chifukwa sichioneka. Koma sabata imeneyo Ba Mulenga, oyandikana nawo nyumba ochokera ku Luapula, anatsegula bokosi lawo n'kupeza dothi lokhalokha. Chiswe chinadya mapepala onse mwakachetechete, kunja thabwa lili bwinobwino. Analira pamaso pathu, bambo wamkulu.

Loweruka m'mawa tinakoka lathu. Pakhoma kuseri kwake panali kanjira kadothi ka chiswe kokwera m'mwamba. Amayi anakhala pansi, ndipo ine ndinaopa kuposa tsiku la maliro, pakuti tsopano ndinali wamkulu mokwanira kumvetsa. M'katimo munamveka tswatswatswa. Atatukula chivundikiro, zinatuluka mphemvu zazikulu ngati chala chachikulu cha bambo, zofiirira, ndevu zikugwedezeka, ina mpaka inauluka n'kutera pa chitenje chawo.

“Ni mphemvu chabe, mwana wanga! Ni mphemvu chabe!” anafuula akuseka, misozi ikutsika.

Mphemvu ndi wakuba waphokoso: imanunkhitsa, imasiya timabi takuda, imaluma m'mphepete n'kuthawa. Chiswe sichisiya kanthu. Khadilo linali lodyeka ngodya imodzi, lonunkha, koma dzina la bambo lili lonse. Kanjira kadothi kaja kanatsala pang'ono kufika pathabwa. Ndinanyamula patapata kuti ndiyambe ntchito yanga, amayi n'kundigwira mkono. “Zileke lelo,” anatero.

Mawa lake choko chinabwereranso kukhitchini, ndipo mpaka lero mphemvu sindizinyengerera. Koma nyumbayo ndi yathu, ndipo khadi lija amayi analiika m'chitini chachitsulo pamwamba pa wadulopu, ngodya yake yolumidwa ili chomwecho.