Kaliwo wa abambo ndi fodya wa mkamwini

Ndikukumbukira bwino nyumba yathu ya ku Njube, mu mzinda wa Bulawayo, koma ndikamaiganizira chimayamba kubwera ndi fungo, makoma amabwera pambuyo. Linali fungo la fodya wa abambo. Linalowerera m'makatani, m'mabulangete, ngakhale mu yunifolomu yanga, moti aphunzitsi ena anandiuzapo kuti ndiyasamule, poganiza kuti kamtsikana ka giredi folo kayamba kale kusuta.

Abambo anga, a Phiri, anabwera ku Bulawayo ali mnyamata kuchokera ku Dowa, ndipo anagwira ntchito ku njanji mpaka kumera imvi. Chindebele ankachimva bwinobwino, koma pakhomo ukawalankhula m'Chindebele ankakuyang'ana ngati wawapempha ngongole, kenako n'kukuyankha m'Chichewa. Fodya wawonso anali wa kumudzi basi, wakuda wa chikopa, wowamba ndi utsi, wopanda chothira chilichonse. Ankabwera ndi anthu ochokera ku Malawi, wopotedwa ngati chingwe ndi wokulungidwa m'masamba ouma a nthochi. Abambo ankadulako kachidutswa ndi mpeni, n'kufikisa m'manja pang'onopang'ono, n'kutsendera mu kaliwo ndi chala chachikulu. Kaliwoyo anali mmodzi yekhayo, wakuda bii m'kati, kukamwa kwake kuli zipsera za mano. Ife ana sitinkaloledwa ngakhale kumusuntha popukuta pa tebulo.

Mnzawo wa pamtima anali a Mbewe, telala wa ku Entumbane, Mmalawi mnzawo. Iwo ankasuta fodya wa m'kachitini wogula m'tauni, wothira zonunkhiritsa, amene fungo lake linali ngati la mabisiketi a vanila ongophula kumene. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankakhala pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba yathu, aliyense ndi utsi wake, n'kuyamba mkangano umene sunkakalamba.

“A Mbewe, mukusuta fodya kapena mukudya keke?” ankatero abambo. “Fodya wabwino safuna mafuta odzola. Mukaona amuthira pefyumu, dziwani kuti akubisa manyazi ake.”

“Nanga wanuyo, a Phiri? Ndikamatsika kombi ndimangolondola fungo la tayala lakupsa, ndafika kwanu.”

Ine ndinali mbali ya a Mbewe, ndipo mpaka lero sindinasinthe. Mphuno sinama.

Amuna osuta kaliwo a nthawi imeneyo anali ndi malamulo awo awiri, ndipo mwana aliyense wa Mmalawi ku Njube ankawadziwa. Loyamba linali lakuti munthu akakupatsa fodya ndi manja awiri, umamusuta pomwepo iye akuona. Ukangomulandira n'kumuponya m'thumba, ndiye kuti wamuuza kuti iwe ndi iye mulibe nkhani. Lachiwiri linali lakuti kaliwo saiwala. Fodya wonunkhira akangolowamo kamodzi, mtengowo umamwa fungolo, ndipo ngakhale upale chotani, fodya wina aliyense amamveka kukoma kwachilendoko. Ubwenzi wa abambo ndi a Mbewe unakhalitsa chifukwa chakuti a Mbewe sanayerekezepo n'kamodzi komwe kuwatambasulira kachitini kawo.

Tsono panali achemwali anga, a Esinta, mwana woyamba m'nyumba mwathu. Ankasoka malaya ku fakitale, ndipo ine ndinkagona nawo bedi limodzi. Anali pa chibwenzi ndi Dumisani, mnyamata wa Chindebele wa ku Emakhandeni, woyendetsa galimoto yogawa buledi, munthu wofatsa amene sankasuta n'komwe. Msewu wathu wonse unkadziwa za chibwenzicho. Abambo okha ndiwo anasankha kusadziwa.

Iwo anali ndi mapulani awo. Munthu amene anabweretsa fodya chaka chimenecho anabweretsanso mawu: mnzawo wa abambo wa paubwana ku Dowa anali ndi mwana wamwamuna, mlimi wa fodya wokhala ndi chigafa chakechake, ndipo ankafuna mkazi. Abambo anavomera pomwepo. Anati a Esinta anyamuka mvula ikatha, akakhazikike, akatikonzere malo, ndipo tonse tidzawatsatira abambowo akapuma pantchito. Kwathu kwenikweni nkhani ngati imeneyi amaweruza ndi amalume, koma amalume athu anali kutali, ndiye abambo anadzitenga kukhala bambo, malume ndi bwalo lomwe. “Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka,” anatero, n'kuyatsa kaliwo kusonyeza kuti nkhani yatha.

A Esinta anali asanapondeko ku Malawi. Chichewa ankachimva, koma akati alankhule chinkathera m'Chindebele chiganizo chisanafike pakati. Khasu ankalidziwa la kadimba ka repu kuseri kwa nyumba. Analeka kudya, masiketi anayamba kuwakhwepa. Ine ndinakwiya kwambiri, ndipo ndinasiya kuwatengera abambo madzi osamba m'manja mpaka amayi atandikoka khutu.

Amayi okha ndiwo sanatekeseke. Iwo anabadwira ku migodi ya ku Hwange, makolo awo Amalawi, ndipo anthu a mumsewu ankawatchula kuti NaEsinta monga amachitira Andebele. Utsi wa abambo anaupirira kuyambira ali mtsikana, ndipo mwamuna wawo ankamudziwa kunja ndi m'kati. Loweruka lina ine ndi iwo tikuyanika zovala, Dumisani anaima pa mpanda, chipewa chili m'manja. Anati akufuna kubwera ndi amalume ake kudzaonekera, ndipo wapeza kale munthu ku msika wa ku Makokoba wogulitsa fodya wakuda, wamphamvu, wofanana ndi amene abambo amakonda.

“Ameneyo musiyeni komweko, mntanami,” anatero amayi. “Pitani m'tauni mukagule wa m'kachitini, wonunkhira kuposa onse.”

“Kodwa mama, ubaba amadana naye,” anatero Dumisani, akusakaniza ndi Chindebele.

“N'chifukwa chake. Mukabweretsa wakuda, asuta chifukwa ndi fodya, athokoza, ndipo mubwerera osadziwa kuti mwayankhidwa chiyani. Wonunkhirayo sangamusute mwangozi.”

Dumisani atachoka ndinawafunsa kuti nanga abambo akakaponya m'thumba? Amayi anakung'untha shati, n'kuipanira pa chingwe. “Ndiye kuti tadziwa,” anatero. “Koma bambo ako si chitsiru. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Dowa wawoyo ali pachala kuyambira ndisanawadziwe.”

Tsikulo linali Lamlungu masana, nyengo ya mphepo ya fumbi ija imene imadzaza mchenga m'mano. Abambo sakanakana kulandira alendo, chifukwa a Mbewe ndiwo anavomera kukhala mkhalapakati. Anakhala pansi pa mtengo wa mapichesi, abambo pa mpando wawo wa chitsulo, alendo pa benchi. Amayi anakhala pa khomo la kukhitchini akuswa mtedza, ngati kuti palibe chikuchitika. Ine ndi a Esinta tinali kuseri kwa katani la kuchipinda, ndipo iwo anandigwira pa mkono mwamphamvu moti zikhadabo zinasiya zizindikiro.

Malonje atatha, amalume a Dumisani analankhula nthawi yaitali m'Chindebele, a Mbewe n'kumamasulira, ngakhale aliyense ankadziwa kuti abambo amva kale liwu lililonse. Kenako Dumisani ananyonyomala, n'kupereka kachitini ndi manja awiri.

Abambo anakatsegula. Mphepo inabweretsa fungolo mpaka pa zenera pamene tinaima: vanila, uchi, ndi kena kake konga zipatso zophika. A Mbewe anazyolika, n'kuyamba kuyang'anitsitsa nsapato zawo. Abambo sanayang'ane Dumisani. Anatembenuka n'kuyang'ana amayi, chifukwa anadziwa nthawi yomweyo kuti nzeru imeneyi sinachokere ku Emakhandeni. Amayi anawayang'ananso, manja ali pa mtedza, osaphethira.

Abambo anatseka kachitini kaja. Dzanja lawo linayamba kulowera ku thumba la jekete. Dzanjalo linaima panjira, kachitini kali pa bondo.

“A Mbewe,” anatero abambo, “kodi kwanu munapitako liti komaliza?”

“Limenelo si funso lofunsa munthu pamaso pa alendo, a Phiri.”

“Amene anatsala kumeneko angakuzindikireni?”

A Mbewe anayambanso kuyang'ana nsapato zawo. Abambo anayang'ana mpanda wathu wa waya, chimbudzi chimene anamanga okha, ndi mtengo umene anadzala chaka chimene a Esinta anabadwa. Kenako anatulutsa kaliwo, n'kumugogoda pa chidendene cha nsapato kuti phulusa lakale ligwe. Anatsegulanso kachitini, n'kutapa fodya wa Dumisani, n'kumutsendera ndi chala chachikulu monga ankachitira ndi wa kumudzi. Machesi woyamba anazima ndi mphepo. Wachiwiri anamutchinga ndi dzanja.

Nkhope imene anaonetsa atakoka utsi woyamba sindidzaiiwala. Inakwinyika ngati ya mwana amene wamwetsedwa kwinini. “Sopo weniweni,” anatero. Koma sanamuchotse pakamwa. Anasuta mpaka fodya yense anasanduka phulusa. Atatha analankhula osatembenuka: “NaEsinta, apatseni madzi alendowa, adye. Mkhwenyana wabwera ndi njala.” Mkhwenyana ndiye mkamwini m'Chindebele, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akutchula liwu la Chindebele pakhomo pathu.

Amayi ananyamuka bwinobwino ndi lichero lawo, n'kulowa. Ndinawapeza atakhala pa bedi, lichero litapendekeka, mtedza uli mbwee pansi. Atandiona anati, “Ukuyang'ana chiyani? Tola mtedzawo.” A Esinta anali akulira ndi kuseka nthawi imodzi, ndipo madzulo ake anadya mbale ziwiri.

Kaliwo uja sanachire. Abambo anamupala ndi msomali, anamuthira mchere, anamunyika mu kachasu amene a Mbewe anabweretsa, koma fodya wa ku Dowa ankatulukabe ndi kafungo ka bisiketi. Dumisani anafuna kuwagulira wina, iwo anakana. Ankasuta yemweyo, uku akudandaula tsiku ndi tsiku kuti amayi anawaphera kaliwo, ndipo amayi ankangoti, “Koma makatani akuthokoza.” Kachitini kaja sanatapemonso. Anakapereka kwa a Mbewe, amene anakalandira ndi chimwemwe chosabisa.

Pa nthawiyo ine ndinkangoona kuti tapambana. Kukula kwa chimene abambo anataya ndinakumvetsa ukwati utachitika, pamene Dumisani anayamba kumanga zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya makolo ake. Abambo anakoka thiranki ya chitsulo pansi pa bedi lawo, imene ife sitinaionepo yotsegula. M'katimo munali loko wa chitseko, zogwirira mazenera ndi misomali ya malata, zonse zatsopano, zokulungidwa m'nsanza zopaka girisi. Zinali za nyumba imene ankati adzamanga ku Dowa. Anazinyamula pa njinga mpaka ku Emakhandeni, ndipo lokoyo anamuika okha pa chitseko cha mwana wawo. Za kubwerera kumudzi sanazitchulenso. Zimandiwawa mtima mpaka pano, chifukwa munthuyo ankakukonda kwawo, ndipo mawu akuti mtchona ankawaopa kuposa imfa. Ali ku manda a ku Luveve, ndipo bokosi lawo kutsogolo ananyamula ndi Dumisani.

Masiku ano ku Njube mukhoza kuyenda msewu wonse osaona munthu wa kaliwo. Obwera kuchokera ku Malawi amabweretsa usipa ndi zitenje, fodya wopota palibe amamufunsa. Achinyamata amayamwa timachubu ta magetsi totulutsa nthunzi ya fungo la mango, ndipo palibe amene amakangana kuti weniweni ndi uti. A Mbewe akanaseka kwambiri kuona kuti mbali yawo ndi imene inatsala. Sindikulira utsiwo, chifukwa chifuwa cha abambo ndinachimva mmene chinkalirira m'zaka zawo zomaliza.

Ana a Esinta anakula, ndipo onse ali ku Joni pa ntchito. Akandiimbira foni amati, “Anti, chaka chamawa tikubwera kwathu.” Kwathu kumene akunenako ndi Bulawayo. Sadziwa kuti amene anawapatsa kwawoko ndi agogo awo, masana amodzi a fumbi, ndi nkhope yokwinya, akumeza utsi umene ankadana nawo.